Agogo oyandikana nanu akugona ndi njala? Yambirani apa ngati muli mu Mzuzu

M'mwezi wa June, nthawi imene chisanu cha Mzuzu chimalowa mpaka m'mafupa, ndinapita kukabwereka sefa kwa agogo a kuseri kwa nyumba yathu ku Chiputula. Dzuwa linali litapendeka kale, koma mbaula yawo inali zii, phulusa lake la dzana. Pampando panali mbale yokhala ndi mbatata imodzi yophika, yolumidwa mbali imodzi. Nditawafunsa ngati adya, anandiyankha mmene amayankhira akuluakulu onse: "Ndadya, mwanangu, usavutike." Kamdzukulu kawo ndi kamene kananditsatira panja n'kundinong'oneza kuti nsima anailawa komaliza Lamulungu. Tsikulo linali Lachitatu.

Zinandipweteka kwambiri, chifukwa pakati pa khomo lawo ndi langa pali mpanda wa udzu basi. Kuchokera tsiku limenelo, ine ndi amayi anzanga a m'dera lathu tayenda m'maofesi, tadikira pa mabenchi, taphika miphika yosawerengeka. Zimene ndalemba pano ndi njira imene tinaiphunzira poyendapo.

Thandizo la boma lilipo, koma limatsata mayina olembedwa m'kaundula, ndipo limabwera pa nyengo yake: ndalama, thumba la chimanga, mankhwala, chitetezo. Mbale ya nsima yotentha ya lero siichokera ku ofesi. Ntchito ndi ziwiri tsono, ndipo ziyendere limodzi. Dzina la agogo lilowe m'mabuku a boma, mphika nawo ukhale pamoto osadikira yankho la ku ofesi. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Choyamba: khalani pansi, mucheze nawo

Musafike anthu asanu ndi thumba la ufa pamutu ngati mwadzapepesa maliro. Pitani nokha kapena awiri, khalani pamphasa, perekani moni wonse mosathamanga. Akuluakulu ambiri mu Mzuzu muno Chichewa amachimva bwinobwino, koma za kumtima amazinena m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chinkhonde. Ife amene tinabwera kuno ndi ntchito kapena banja kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, tizitenga mnzathu wodziwa chiyankhulo chawo. Ngakhale "monire agogo" yekhayo amamasula nkhope.

Funso lakuti "mwadya?" silikuthandizani. Funsani kuti, "Lero mwadyera ndiwo yanji, agogo?" kapena "Ufa watsala wochuluka bwanji, ndingaone nawo?" Maso anunso agwire ntchito. Mu ndowa muli madzi? Amawatungira ndani? Makala alipo? Lamba wa agogo aamuna wabooledwa mabowo atsopano ndi msomali? Nthawi zina ufa ulipo, koma mkono wovundulira nsima ndi umene watha mphamvu. Nthawi zina ndiwo zilipo, koma mano otafunira palibe. Ena chilakolako cha chakudya chinachoka tsiku limene anaika mnzawo m'manda. Mukadziwa gwero la njalayo, mudziwanso pogwira.

Funsani za abale. Ana ali kuti, ku Lilongwe, ku Joni, kumudzi ku Rumphi? Tengani manambala awo ndipo muwaimbire musanayambe chilichonse. Izi si ulemu chabe. Wachibale akangomva kwa ena kuti aneba akulowa ndi kutuluka m'nyumba ya amayi ake, chimene chimabwera m'mutu mwake ndi chakuti mukufuna puloti. Kumuuza poyambirira kumatseka pakamwa, ndipo ena amayamba kutumiza kangachepe chifukwa tsopano apeza munthu womudalira.

Kenako pemphani chilolezo kwa eni ake: "Agogo, mungalole tikatchule dzina lanu kwa a block leader ndi ku Social Welfare?" Akakana, musakakamize, mudzafunsenso tsiku lina. Ndipo chonde, musawajambule chithunzi atanyamula phukusi n'kukachiponya pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp. Munthu amene analera ana, kulima minda ndi kuika maliro a anzake sayenera kugula ufa ndi manyazi.

Pobwerera kunyumba gulani kope la sukulu. M'menemo muzilemba zonse: tsiku, kumene mwapita, amene mwalankhula naye, chimene wanena.

Chachiwiri: sonkhanitsani mapepala

Chiphaso cha unzika ndicho khomo la zonse. Chiyambire kalembera wamkulu wa a NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, mu 2017, munthu wopanda chiphaso savutika pang'ono: sangalembetse simu khadi m'dzina lake, sangagule zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ndipo olemba mayina a thandizo amamudumpha.

Onani ndi maso anu kuti chiphasocho chilipo. Cha agogo athu tinachipeza patapita masabata awiri, chili kwa mdzukulu wina wamkulu amene ankati akuwasungira. Onaninso tsiku lotha ntchito limene linalembedwa pamenepo. Ngati chinatayika, yambirani ku polisi kukatenga kalata, kenako ku ofesi ya NRB. Ngati sanalembetseko n'kale lomwe, a NRB akupatsani fomu n'kukuuzani umboni wofunika, monga wa mfumu kapena wa anthu owadziwa amene ali ndi ziphaso. Eni ake ayenera kupezekapo, chifukwa pamafunika chithunzi ndi zidindo za zala. Lawirirani m'mamawa, atengereni mpango ndi kanthu kodya, ndipo mukafika pemphani mwaulemu kuti munthu wamkuluyo athandizidwe msanga. Ngati miyendo yawo ndi yofooka, sonkherani ya takisi. Kabaza pa zitunda za ku Masasa kapena ku Mchengautuwa si wa munthu wa chizungulire.

Pamodzi ndi chiphaso, sungani buku la kuchipatala, mapepala a puloti kapena a lendi, mapepala a penshoni ngati anagwirako ntchito, ndi zikalata za kubadwa za adzukulu amene akuwalera. Chilichonse chikhale ndi fotokope yake. Zenizenizo zikhale ndi agogo m'jumbo yosalowa madzi, inu muziyenda ndi mafotokope.

Chachitatu: a block leader ndi a khansala

Mu mzinda, a block leader ndi amene ali pafupi ndi anthu monga amakhalira a nyakwawa kumudzi. Pamwamba pawo pali komiti ya chitukuko ya wadi, a khansala, kenako khonsolo ya mzinda wa Mzuzu. Akabwera olemba mayina, kaya a chimanga kaya a ndalama, amadzera mwa anthu amenewa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000 mu mzinda uno. M'chinamtindi chotere, gogo amene sangayende kukafika pa bwalo la sukulu pamene pachitikira msonkhano amangokhala ngati kulibe.

Musangokawauza pakamwa a block leader. Apempheni abwere adzaone okha. Akaona denga lodontha ndi mbaula yozizira, dzinalo saliiwala. Pempho lanu likhale lomveka: dzina la agogo lilembedwe m'buku lawo la anthu ovutika, akupatseni kalata yaifupi yoikira umboni kuti agogowa amakhala m'dera lawo ndipo alibe wowasamalira, komanso asunge nambala yanu kuti akuimbireni kukakhala kalembera kapena msonkhano. Msonkhano ukaitanidwa, pitani inuyo, ndipo mutchule dzinalo pagulu. Kwa a khansala pitani ndi kalata yomweyo.

Kulembedwa dzina salipira. Wina akakuuzani kuti "pakhale kenakake ka fanta" kapena kuti thandizo likabwera mugawane pakati, kanani, mulembe m'kope lija, mukanene kwa a khansala kapena ku Social Welfare.

Ngati agogo anu amakhala kunja kwa malire a mzinda, monga ku Ekwendeni, ndiye kuti ali pansi pa khonsolo ya M'mbelwa. Kumeneko njira ndi ya kwa mfumu, komiti ya chitukuko ya mudzi, ndi ya dera.

Chachinayi: ku Social Welfare

Iyi ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu: ana amasiye, anthu aulumali, okalamba. Boma limawerengera munthu m'gulu la achikulire akakwanitsa zaka 60, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera loteteza ufulu wawo. Choncho polowa pakhomo paja musadzione ngati opemphetsa. Mwabweretsa nkhani imene ndi ntchito yawo.

Tengani fotokope ya chiphaso, kalata ya a block leader ndi kope lanu. Fotokozani mwachidule, ndi zinthu zogwirika: zaka zawo, amene akukhala nawo, amadya kangati pa tsiku, matenda amene ali nawo, amene amalipira nyumba. "Akuvutika kwambiri" aliyense amanena. "Ali ndi zaka 78, akulera adzukulu awiri a ku pulayimale, amamwa mankhwala a BP, sabata yatha adya nsima katatu" ndi mawu amene mlangizi angalembe n'kugwirirapo ntchito.

Ndi bwino kudziwiratu mmene mapologalamu amayendera, kuti musakhumudwe pachabe. Mtukula Pakhomo, pologalamu ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osauka, anayambira ku Mchinji mu 2006, n'kufalikira m'maboma onse a dziko lino. Amafuna mabanja osaukitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu zogwira ntchito, kapena amene munthu mmodzi wamphamvu akusenza anthu opitirira atatu. Nyumba ya gogo wolera adzukulu ndiyo yeniyeni imene pologalamuyi inapangidwira. Koma salembetsa tsiku lililonse ngati kugula yunitsi ya magetsi. Mayina amatengedwa pa nthawi ya kalembera, kuchokera m'kaundula wa boma wotchedwa UBR, ndipo kwa zaka zambiri pologalamuyi yakhala ya kumidzi. M'mizinda thandizo la ndalama lakhala likubwera pakagwa vuto. Mu 2021, nthawi ya Covid-19, mabanja ena mu Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Zomba analandira K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu kudzera pa foni. Amene analandira ndi amene anapezeka pakhomo polemba, ali ndi chiphaso ndi nambala ya foni. N'chifukwa chake ndalimbikira za mapepala ndi a block leader.

Palinso chimanga cha nthawi ya njala chimene chimadzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, kawirikawiri thumba la makilogalamu 50 pa banja. Nacho chimatsata mayina amene makhonsolo atumiza.

Musatuluke musanafunse zinthu izi. Kodi banjali lili m'kaundula wa UBR, ndipo ngati mulibe, lingalowe liti? Kodi mlangizi angabwere kudzaona pakhomo? Kodi pali bungwe kapena mpingo umene akuudziwa kuti ukuthandiza okalamba m'dera lathu, ndipo angatilembere kalata yotitumiza kumeneko? Ngati pali mdzukulu wa ku sekondale, funsaninso za thandizo la fizi, chifukwa fizi ikapepuka, ndalama ya ufa imapezeka. Lembani dzina la amene wakuthandizani ndi tsiku loti mubwerenso, ndipo tsikulo likafika mubweredi. Nkhope yobwerabwera ndi imene imakumbukika.

Chachisanu: foni ndi ndalama

Ndalama zambiri masiku ano, za boma ngakhale za ana a ku Joni, zimadzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Simu khadi ilembetsedwe ndi chiphaso cha agogo eni ake. Nambala yachinsinsi aidziwe iwo ndi munthu mmodzi yekha amene amusankha okha. Pokatapa ndalama kwa ejenti, muwerengere pamaso pawo, mulembe m'kope, aike chidindo cha chala kapena asaine. Zimenezi zimatetezanso inu tsiku limene wachibale adzafunse kuti ndalama zinapita kuti.

Achenjezeni za anthu oimba foni onena kuti ndi a boma kapena a bungwe, ofuna nambala yachinsinsi kapena ndalama "yotsegulira" thandizo. Auzeni kuti akangomva zotere adule foni, akuitaneni.

Chachisanu ndi chimodzi: mphika wa anansi

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo musadikire kuti zinazo zithe. Mukhoza kuyamba mawa.

Pezani makomo asanu ndi awiri, lililonse tsiku lake pa sabata. Ife tinayamba anayi, ena kumatenga masiku awiri, mpaka anzathu ataona kuti si zolemetsa analowa okha. Chimene chimakopa anthu ndi ichi: simukuphika mphika wapadera. Pa nsima imene mukuphikira banja lanu mukungoonjezera mitanda iwiri kapena itatu, pa ndiwo chipande chimodzi. Munthu amene sangakwanitse kupereka K5,000 pa mwezi angathe kupereka mitanda iwiri Lachinayi lililonse.

Gwirizanani nthawi imodzi yosasintha. Ife tinasankha masana, isanakwane 1 koloko, kuti chakudya chachikulu chilowe m'mimba kukadali kowala, ndipo chotsala chikhale cha madzulo. Gwirizananinso za wogwirizira. Maliro amagwa, mwana amadwala, wina amapita ku Karonga kukapikula mpunga. Amene sakwanitsa tsiku lake anene usiku wake, asinthane ndi mnzake. Tsiku lodumphidwa mwakachetechete ndi limene limapha gulu, chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wapereka.

Werengani pakamwa ponse pa nyumbayo. Ichi tinachiphunzira mochedwa. Masabata oyamba tinkapititsa mbale ya munthu mmodzi, koma agogo osanenepa. Tsiku lina ndinabwerera kukatenga mbale msanga, ndinapeza adzukulu awiri ali pa mbale ija, agogo atakhala pambali akuwayang'ana, m'manja muli kapu ya madzi. Palibe gogo amene angadye mdzukulu akumuyang'ana. Ngati pali ana, phikirani onse.

Wopititsa chakudya asangosiya pakhomo n'kuthawa. Akhale pansi mphindi khumi, awasambitse m'manja, acheze nawo uku akudya. Munthu wokhala yekha amadya pang'ono, koma pakakhala wocheza naye mbale imatha. Pomwepo ndi pamene mumaonanso ngati akutsokomola, ngati mapazi atupa, ngati mankhwala akumwa. Kope lachiwiri lizikhala m'nyumba mwa agogo, lopachika pa msomali: tsiku, amene wabweretsa, ndiwo yake, adya bwanji. Likuthandizani kuti asadye soya pisi masiku anayi otsatizana.

Pa mwezi kamodzi sonkhani zouma: ufa wa phala, mchere, sopo, machesi, kathumba ka makala. Ndalama zikakhalapo, osunga akhale awiri, ndipo aziwerengera gulu lonse. Ngati muli pa banki m'khonde, kambiranani kuti kathumba ka zadzidzidzi kaja kazithandizako.

Mipingo musaiiwale. Mzuzu ndi likulu la Sinodi ya Livingstonia ya CCAP komanso la Dayosizi ya Mzuzu ya Katolika, ndipo pafupifupi m'dera lililonse muli amayi a Umanyano, a mphakati, a Dorika, ndi amayi a ku mzikiti amene kuyendera odwala ndi okalamba ndi ntchito yawo kale. Uzani a mpingo wa agogowo, ngakhale usakhale wanu. Ambiri amasiya kupita ku tchalitchi chifukwa cha miyendo, mpingo n'kumaganiza kuti anasamukira kumudzi.

Mukaona kuti okalamba ovutika m'dera lanu ndi ambiri, khumi kapena kuposa, ganizirani zophikira pamodzi kamodzi kapena kawiri pa sabata pa tchalitchi kapena pa sukulu ya mkaka. Pamenepo dziwitsani alangizi a zaumoyo kuti aone za madzi, chimbudzi ndi posamba m'manja, ndipo funsani ku Social Welfare mmene mungalembetsere gulu lanu kuti lidziwike. Koma osayenda aja muziwapititsirabe kunyumba, chifukwa ndiwo anjala kwambiri.

Chinthu china chimene ndimachiona chachikulu: musawalande ntchito zonse. Agogo athu amatisankhira nyemba, amatisadzulira nkhwani, ndipo mpanda wawo ukabereka masamba amatumiza kamdzukulu ndi kamtolo kunyumba kwanga. Ndimalandira ndi manja awiri. Munthu amene akupereka kanthu amadya chakudya cha mnzake mtima uli m'malo.

Chachisanu ndi chiwiri: muwaphikire chiyani

A zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Kwa munthu wamkulu vuto si kudziwa maguluwa ayi, koma kuwafewetsa kuti alowe. Mimba yake imalandira pang'ono, choncho pang'onopo pakhale pa mphamvu.

Yambani ndi phala la m'mawa, chifukwa ili agogo ambiri angathe kudziphikira okha mukawapatsa ufa wake. Sakanizani magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya, monga amapangira Likuni Phala. Soyayo muyambe mwamukazinga mpaka fungo lauwisi lichoke, ndiye mukagayitse pamodzi ndi chimanga chosakonola. Pophika athiremo supuni ya nsinjiro kapena kadontho ka mafuta. Tsiku lina dzira lomenyera m'phala lomwelo.

Nsima ikhale yofewerapo, ndipo ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera pa thanzi. Koma funsani chimene anazolowera. Gogo wa ku Nkhata Bay mukamupatsa kondowole ndi usipa, maso amawala, ndipo wa ku Karonga nthochi zophika ndi nyama kapena nyemba zimamufika pamtima. Chakudya cha kwawo chimadzutsa chilakolako chimene chinagona.

Kwa opanda mano, nyemba muziphike mpaka zisungunuke, kapena muchotse makoko mupange chipere. Usipa ndi bonya muzikazinge pang'ono, musinje zikhale ufa, muzithira m'masamba kapena m'phala. Nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa muzidule tating'onoting'ono n'kutendera. Futali wa mbatata kapena wa maungu amalowa bwino madzulo. Nyama ikapezeka, iphikeni mpaka izinyenyeka ndi chala. Zipatso zofewa kuno sizisowa: nthochi zakupsa, mapapaya, mapeyala pa nyengo yake. Ku msika waukulu ndi ku Zigwagwa, madzulo ogulitsa akamalongedza, masamba ndi nthochi zakupsa kwambiri zimatsika mtengo.

Ngati ali ndi BP, chepetsani mchere ndipo musathire soda wambiri m'masamba. Ngati ali ndi shuga, tiyi ndi thobwa zikhale zopanda shuga woonjezera, ndipo chachikulu, asamwe mankhwala n'kukhala osadya, chifukwa shuga akatsika kwambiri munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, ngakhale kukomoka kumene. Amene anadwalapo sitiroko adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo asagone atangomaliza. Akamatsamwa kawirikawiri, kanenedwe kuchipatala.

Madzi akumwa muziwakumbutsa. Kukazizira akuluakulu samva ludzu, ndipo ena amadzimana dala poopa kutuluka usiku. Asiyireni botolo la madzi otetezedwa pafupi ndi pogona, ndi kachitini ka usiku ngati chimbudzi chili patali. Chakudya chotsala chivundikiridwe, ndipo chitenthetsedwe mpaka chituluke nthunzi asanadye. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, ndipo thupi la munthu wamkulu silichedwa kutha madzi.

Ndi chisanu cha kuno, ambiri amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo, osanunkha n'komwe. Wopititsa chakudya adutsekonso madzulo, aonetsetse kuti mbaula yatuluka. Bulangete lachiwiri ndi chipewa cha ulusi ndi zimene zikufunika.

Chachisanu ndi chitatu: kuchipatala

Munthu akamaonda chakudya akudya, kapena chilakolako chikatheratu, musangoti ndi ukalamba. Chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, shuga, zilonda za m'kamwa, kapena mankhwala amene akumwa. M'zipatala za boma thandizo ndi laulere. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena ku Mapale, iwo ndiwo amatumiza ku Mzuzu Central akaona kuti n'kofunika. Pemphani kuti awayeze sikelo, BP ndi shuga, ndipo zilembedwe m'buku lawo kuti ulendo wina mudzafananize. Tchulaninso za maso. Agogo ambiri anasiya kuphika chifukwa cha ng'ala, pamene ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni munthu n'kuonanso.

Masiku otengera mankhwala muwalembe m'kope la pa msomali lija, ndipo wa tsiku limenelo ndiye woperekeza. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumudziwitse za nyumbayo. Pa mafunso a zakudya ndi matenda, Chipatala Cha Pa Foni chimayankha mwaulere mukaimba foni, nambala yake mufunse kwa mlangiziyo.

Agogo akayamba kuiwala kuti adya, kusochera njira ya kwawo, kutuluka usiku osadziwa kumene akupita, kapena kulankhula ndi anthu amene anamwalira kale, amenewo ndi matenda a ubongo obwera ndi ukalamba. Kuno tili ndi mwayi wa a St John of God, amene ntchito yawo ndi ya matenda a maganizo. Pitani nawo msanga, anthu asanayambe kunong'onezana.

Pakabuka nkhanza

Kunong'onezana kumeneko ndi kumene kwaphetsa okalamba ambiri m'dziko muno. Mwana akadwala, bizinesi ikagwa, chala chimaloza gogo wosauka wokhala yekha. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukangomva mphekesera, musadikire kuti miyala iyambe kugwa pa denga. Uzani a block leader ndi a polisi ya m'dera tsiku lomwelo, ndipo usiku umenewo agogo asagone okha.

Nkhanza zina ndi zachete: kuwalanda ndalama za thandizo, kugulitsa chimanga chawo, kuwatsekera m'nyumba, kuwasainitsa mapepala a puloti amene sakuwamva. Zimenezi pitani nazo ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku Social Welfare. Nkhani ya malo kapena nyumba ikafuna loya, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu ndipo amathandiza anthu osowa ndalama. Bungwe la MANEPO, limene limasonkhanitsa mabungwe oona za achikulire, nalonso limatsatira nkhani zoterezi. Kope lanu lija, lokhala ndi masiku ndi mayina, pamenepa limasanduka umboni.

Yang'anani kalendala

Miyezi yowawa ndi January ndi February, pamene chimanga chakwera mtengo ndipo makomo asanu ndi awiri aja nawonso akupanikizika. Konzekerani nthawi yokolola. Mu June ndi July, mtengo ukadali pansi, gulu ligule thumba limodzi kapena awiri a agogo. Kuno kuli chinyontho, choncho chiyanikeni mpaka chizilira pakamwa mukachiluma, muchisunge m'matumba osalowa mpweya aja a PICS, pa thandala osati pansi, ndiponso m'nyumba ya mmodzi wa inu ngati kwa agogo kumalowa aliyense. Denga likonzedwe mu October mvula isanayambe, chifukwa ya kuno imagwa mpaka April ndipo makoma a zidina zosaotcha amanyowa n'kugwa. Anyamata a m'dera angathe kulambula ngalande kuseri kwa nyumba Loweruka limodzi. Bulangete lipezeke May asanafike.

Kwathu kuno matumba awiri a chaka chino tasunga kale kwa amayi a pa kona. Mawa ndi Lachinayi, tsiku langa. Nyemba ndaviika, ndipo agogo atumiza uthenga kuti chipere chake ndisaiwale tomato.